Za Mitsempha ya Mwazi m'Mapapo a Kavalo ndi Buru



Kapena wina adzati, Kodi mlangizi ameneyu wasowa conena, kuti atilembere za kavalo, nyama imene ambiri a ife tinangoiona pa cithunzi? Funso limeneli nlabwino, ndipo ndiyamba ndi kuliyankha. Buru amene akoka ngolo yanu kunka kumsika ndiye mbale wace wa kavalo. Momwemonso mbidzi zimene zidya msipu ku Nyika. Nyama zitatuzi zisiyana makutu, msinkhu ndi maanga, koma m'kati mwa cifuwa zipangika cimodzimodzi. Anthu ophunzira anafufuza kavalo koposa enawo, pakuti ali wa mtengo wapatali, ndipo eni ace salola kuti afe osadziwa comupha. Tsono zimene iwo anazipeza ndi ndalama zao, ife tikhoza kuzitola kwaulere ndi kusungira nazo aburu athu. Ndiponso pali nthenda imodzi yoopsa ya mitsempha ya m'mapapo imene buru ainyamula iye osadwala. Mwini buru ndi mfumu ya mudzi ayenera kuidziwa.

YAMBANI NDI MBUZI

Pamene ndinali kusukulu ya misyoni, mphunzitsi wathu sanayambe ndi buku, koma anadikira tsiku lakupha mbuzi. Inunso citani cotero. Mukapha mbuzi yabwino, yosadwala, turutsani mapapo ndi mtima ndi kholingo pamodzi, osazidula, nimuziike pa tsamba la nthoci. Lowetsani pampu ya njinga kukholingo, gwirani zolimba, ndi kupopa. Mudzaona mapapo alikufufuma ndi kuyera, kufikira akula koposa muyeso umene munali kuganizira; mukaleka, aphwa okha. Dulani kanthuli kamodzi, nimukaponye m'madzi: kadzayandama, pakuti m'kati mwace mwatsala mpweya. Kanthuli ka ciwindi kamira pomwepo.

Tsopano yang'anani pamene mwadulapo. Pali timabowo ta mitundu iwiri. Tina tiri touma m'mphepete, tosafota, ndipo mukatikhudza ndi cala mumva ngati kacicerecere. Timeneti ndi njira za mpweya, nthambi za kholingo. Pambali pa njira ya mpweya iri yonse mudzapeza kabowo kena kofewa, kamene mukafinya katurutsa mwazi; imeneyi ndiyo mitsempha. Onetsetsani kuti ziwirizi ziyenda mogundizana, monga nyemba ikwera phesi la cimanga. Kumene kwapita mpweya, mwazi utsata komweko.

Mapapo a kavalo ndi a buru asiyana ndi a mbuziwo pa zinthu zowerengeka. A mbuzi ndi a ng'ombe ali ong'ambika m'zigawo zooneka bwino. A kavalo ali osalala, phapo limodzi kumanzere ndi lina kumanja, ndipo lakumanjalo liri lalikurupo, lokhala ndi kacigawo kamodzi koonjezera. Ng'ombe ndi mbuzi ziri nazo nthiti 13 mbali imodzi, koma kavalo ndi buru ali nazo 18. Cifukwa cace cifuwa cao ncacitali, ndi mapapo afika kutali kumbuyo, pansi pa msana pamene muikapo katundu. Cinanso cacikuru ndi ici: kavalo ndi buru apuma ndi mphuno zokha. Galu akatopa ayasama, ng'ombenso itero, koma buru sakhoza, pakuti mapangidwe a kukhosi kwace atseka njira ya mpweya wa pakamwa. Wakumanga cingwe cothina pamwamba pa mphuno za buru alikumpotola, ngakhale sadziwa.

ULENDO WA MWAZI

Mtima wa kavalo wamkuru ulemera ngati makilogalamu 4. M'kati mwace muli zipinda 4, ziwiri kumanja ndi ziwiri kumanzere, ndipo pakati pali khoma lopanda khomo. Mwazi wa kumanja sungathe kudumphira kumanzere; njira yace ndi imodzi yokha, ndiyo yodzera m'mapapo. Sing'anga wa ku Cairo, dzina lace Ibn al-Nafis, analemba ici m'zaka za m'ma 1200. M'caka ca 1628 William Harvey wa ku England anaonetsa kuti mwazi uzungulira thupi lonse ndi kubwerera kumtima, koma polumikizana peni peni sanapaone, popeza mpocepetsetsa. Anapaona ndiye Marcello Malpighi wa ku Italy m'caka ca 1661, poyang'ana phapo la cule ndi galasi lokuza zinthu. Nkhani ya kavalo inamasulidwa ndi cule, cimene ine cindikondweretsa kufikira lero.

Tiyeni tiutsate mwaziwo. Umene wagwira nchito m'miyendo, m'matumbo ndi m'mutu ubwerera kumtima uli wodera, pakuti wapereka mpweya wabwino wochedwa okosijeni, nusenza mpweya woipa. Ulowa m'cipinda ca pamwamba ca kumanja, nutsikira m'cipinda ca pansi. Cipinda cimeneco cikafinya, mwazi uturuka ndi mtsempha umodzi waukuru, wonga tsinde la mtengo. Tsindelo lipita pang'ono, nilicita mphanda: nthambi imodzi ku phapo lamanja, ina ku lamanzere. M'menemo nthambi igawika, nigawikanso, kambirimbiri, motsata njira za mpweya monga munaona m'mbuzi ija, kufikira timitsempha ticepa koposa tsitsi la mwana wakhanda.

Kumapeto kwa njira za mpweya kuli timatumba tosawerengeka, tokhala m'magulu ngati zipatso za mkuyu pa nthambi. Kathumba kali konse kakutidwa ndi ukonde wa timitsempha tija, tolukana pafupi pafupi kotero kuti mwazi uyenda pamenepo ngati madzi oyalika pa thanthwe. Timitsemphato tiri topapatiza, ndipo timbulu tofiira ta m'mwazi tidutsamo pamzere, kamodzi kamodzi, monga anthu poolokera pa mlatho wa mtengo umodzi. Pakati pa mwazi ndi mpweya patsala nembanemba yokha, yosafika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu liiposa kunenepa ngati ka 100. Mpweya wabwino upyola nembanembayo nulowa m'mwazi, woipa upyola nuturuka. Ndipo pasanathe sekondi imodzi mwazi wodera uja wasanduka wofiira kuti psuu.

Kucokera pamenepo timitsempha tiphatikana, monga timifuleni ta m'phiri tikomana ndi kupanga mtsinje. Ndipo mitsempha ingapo yaikuru ithira mwazi wofiirawo m'cipinda ca pamwamba ca kumanzere. Utsikira m'cipinda ca pansi, cimene khoma lace liri locindikala koposa zonse, ndipo cimeneco ciukankhira ku thupi lonse.

Kavalo wa makilogalamu 500 ali ndi mwazi ngati malita 40, ndiwo ndowa ziwiri za malita 20. Pamene ali ciimire pamthunzi, mtima wace upopa pafupifupi mwazi wonsewo pa mphindi imodzi ya pa wochi. Zindikirani bwino apa. Ciwindi cilandira gawo lace, impso gawo lace, miyendo gawo lace. Koma mapapo alandira wonse, osatsala dontho, ulendo uli wonse. Cifukwa cace cinthu ciri conse cakulowa m'mwazi, cabwino kapena coipa, cifika kumapapo msanga.

Cinanso: mbali ya kumanja ya mtima ikankha mofatsa. Iyenera kutero, pakuti nembanemba ija siingapirire mphamvu imene mbali ya kumanzere itumiza nayo mwazi kuziboda. Mlimi wa dimba adziwa kuti pothirira nazale ya fodya kapena ya kabici sakhuthula ndowa, koma athira ndi kheni ya timabowo.

MITSEMPHA INA IWIRI

Mwazi umene tautsatawu ungodutsa m'mapapo, monga mlendo wopita. Koma njira za mpweya nazonso ndi thupi lamoyo, zifuna kudya. Cifukwa cace pali mtsempha wina waung'ono wocokera ku mtsempha waukuru wa kumanzere, wonyamula mwazi wofiira kale. Umenewu uyanga pa makoma a njira za mpweya ndi pa cikopa cakukuta mapapo, cimene mwa kavalo ciri cocindikalapo. Mwazi wace ngwocepa, koma phapo likakhala ndi cironda cokhalitsa, mtsempha umenewu ukula nuphuka nthambi zatsopano kunka pa cirondapo.

Mtundu wacitatu sunyamula mwazi, koma timadzi toyera. Mitsempha ya mwazi inyenya timadzi pang'ono masiku onse, monga mtsuko watsopano ucita thukuta. Ndipo mitsempha yoyerayi ndiyo ngalande zakucotsa timadzito, kuti timatumba ta mpweya tikhale touma. Sungani ici mumtima, pakuti tidzabwererako. Ngalande zikakhala bwino ndi kunyenya kukakhala kocepa, nyama ipuma osadziwa kuti irikupuma.

KAVALO WA MPIKISANO

Ku South Africa, ku England, ku America ndi kwina anthu aweta akavalo a liwiro, ndi kuwathamangitsa pa mpikisano. Kwa zaka mazana anasankha othamanga okha okha kuti abalane, monga inu musankha ngala zazikuru zikhale mbeu. Taonani cimene cicitika m'cifuwa ca kavalo wotere. Ali ciimire mtima wace ugunda ka 30 kapena ka 40 pa mphindi. Pa liwiro lonse ugunda koposa ka 200. Kapamba wace, amene ali ngati nkhokwe ya timbulu tofiira, afinyika nakhuthulira zosunga zace m'mitsempha, ndipo mwazi ukhala wolimba, wonyamula mpweya wambiri. Mtima upopa malita ngati 300 pa mphindi, ndiwo ndowa 15. Ndipo kavaloyo apuma kamodzi pa kulumpha kuli konse, mpweya ndi miyendo ziyendera pamodzi.

Ndowa 15 zimenezo ziyenera kudutsa pa timitsempha tomwe tija. Mphamvu yokankha mwazi m'mtsempha wa kumapapo ikwera katatu kapena kanai; ndipo nthawi yomweyo kavalo alikukoka mpweya mwamphamvu kudzera m'mphuno, kotero kuti nembanemba ikankhidwa m'kati ndi kukokedwa kunja. Pamenepo ing'ambika. M'caka ca 1993 John West ndi anzace ku America anaonetsa ming'alu imeneyi m'mapapo a akavalo a mpikisano, ndi timbulu tofiira titatayikira m'timatumba ta mpweya. Madokotala akalowetsa kacipangizo koonera m'kholingo mpikisano utatha, apeza mwazi mwa akavalo ambiri. Koma amene mwazi uwaturuka m'mphuno, kuti mwini wace aone, ali owerengeka.

Malo ong'ambika akhala amodzimodzi nthawi zambiri, ndiwo mbali ya pamwamba ndi ya kumbuyo, pansi pa msana. Kale ophunzira anayesa kuti mwazi ucuruka ku mbali ya pansi ya phapo, monga madzi atsikira kudambo. M'zaka za m'ma 1990 anayesa bwino, napeza kuti mwa kavalo mbali ya pamwambayo ilandira wambiri, cifukwa ca magawikidwe a nthambi za mtsempha. Kumene kupita mwazi wambiri, komweko kuphulika.

Ine ndiyesa kuti anthu anakuza mtima ndi miyendo ya kavalo mwa kusankha mbeu, koma nembanemba sanathe kuikuza. Pakuti ikacindikala mpweya supyola, ikapyapyala ing'ambika. Buru wa pangolo sathamanga liwiro lotere, ndipo musaope kuti adzadwala cotero. Mukaona mwazi m'mphuno mwa buru, funani cifukwa cina: kapena mnyamata woyendetsa anammenya pamutu, kapena muli nthenda m'kati. Mpumitseni, nimuitane dokotala wa zoweta.

NTHENDA YA AKAVALO YA MUNO MU AFRICA

Tsopano tafika pa cacikuru. Kodi munadzifunsapo cifukwa cace makolo athu anaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, koma akavalo ai? Cifukwa cimodzi ndi kashembe. Cina ndi nthenda imene Angerezi aicha African horse sickness, imene kwao ndi maiko a Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara. Azungu a ku Cape anailemba m'caka ca 1719. Ndipo m'zaka za 1854 ndi 1855 inapha akavalo ngati 70,000 m'dziko lomwelo. Kavalo wakudwala ndi kucira anali kugulidwa mtengo woposa anzace, pakuti amalonda ndi osaka nyama anadziwa kuti yekhayo akhoza kupita naye kumpoto.

Coyambitsa cace ndi kacirombo kosaoneka kochedwa vairasi, ndipo kali ndi mitundu 9. Kakalowa m'mwazi, kakhala m'cikopa ca m'kati mwa mitsempha, makamaka ya m'mapapo ndi ya mumtima, nikaciononga. Mitsempha siiphulika monga mwa kavalo wa mpikisano, koma ikhala ngati dengu. Timadzi tija timene tinali kunyenya pang'ono tiyamba kuturuka kwambiri. Ngalande zoyera zilephera. Madzi adzaza pakati pa timatumba, kenaka alowa m'timatumba momwe. Mpweya ukasakanizika ndi madziwo ucita thobvu. Nyamayo imira, ingakhale iri pa mtunda pouma.

Amabunu anaipatsa maina awiri monga mwa maonekedwe ace. Mtundu wa m'mapapo aucha dunkop, ndiko kunena mutu woonda, pakuti mutu sutupa. Patapita masiku 3 kufikira 5 cilumidwire, kavalo atentha thupi kufika madigiri 40 kapena 41. Aima atatangadza miyendo ya kutsogolo, atatambasula khosi, mphuno ziri bwankhu, thukuta liri kamukamu. Apuma ka 60 ndi kuposa pa mphindi, natsokomola kolimba. Potsiriza thobvu loyera kapena lacikasu lituruka m'mphuno, ndipo pangopita maora owerengeka, wafa. Mwa akavalo 100 akudwala cotero, opulumuka ali ngati 5. Mtundu wa mumtima aucha dikkop, mutu wotupa. Umenewu uzengereza, masiku 7 kufikira 14. Maenje aja a pamwamba pa maso adzaza natukumuka, zikope zitupa, kenaka mutu ndi khosi. Pakuti madzi alikuturuka m'mitsempha ya pansi pa khungu ndi kuzinga mtima. Theka la odwala cotero, kapena kuposa, afa. Kawiri kawiri mitundu iwiriyi idza pamodzi mwa kavalo mmodzi.

Nyuru, ndiye mwana wa buru ndi kavalo, apirirako. Afa ngati theka. Buru wa kuno kawiri kawiri saonetsa kanthu, kapena angotentha thupi masiku ocepa. Mbidzi sizidwala konse, koma zisunga kacirombo m'mwazi kufikira masiku 40. M'caka ca 1987 mbidzi zocokera ku Namibia zinatengedwa kunka ku malo oonetsera nyama pafupi ndi Madrid, ku Spain. Nthenda inabuka, ndipo inabvuta dzikolo kufikira 1990. M'caka ca 2020 inaoneka ku Thailand, niipha akavalo mazana. Kotero nyama yooneka yamoyo bwino ikhoza kunyamula imfa ya inzace.

Nthendayi siiyenda ndi mpweya, kapena ndi kudyera pamodzi. Alimi akale a ku Cape anali kunena kuti idza ndi mame a usiku, pakuti anaona kuti kavalo wogona m'khola apulumuka, ndi wogona kudambo afa. Anaona zoona, koma cifukwa anaciphonya. Arnold Theiler, amene anayambitsa nyumba yofufuzira nthenda za zoweta ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria, m'caka ca 1908, anagwira nchito zaka zambiri pa nthendayi. Komweko m'zaka za m'ma 1930 R. A. Alexander anapanga katemera, pofoketsa kaciromboko m'ubongo wa mbewa zoweta. Ndipo m'caka ca 1944 R. M. du Toit analemba kuti wonyamula nthenda ndi kacirombo kouluka kochedwa Culicoides. Kameneka kacepa koposa udzudzu, utali wace mamilimita 1 kufikira 3. Kaswana m'matope a m'mbali mwa madambo ndi zithaphwi, ndi mtundu wina m'ndowe za ng'ombe. Kaluma kuyambira dzuwa liri pafupi kulowa kufikira m'mawa litaturuka, ndipo kacuruka kumapeto a dzinja, makamaka caka ca mvula yambiri cotsata cirala. Kumene kugwa cisanu coumitsa madzi, kafa, ndi nthenda ileka.

Mankhwala ocizira palibe. Wodwala angopumitsidwa pamthunzi, ndi madzi ndi msipu wofewa. Kumyendetsa ndiko kumupha. Cingathandize ndi kupewa. Katemera wa ku Onderstepoort aperekedwa kawiri, motalikirana masabata 3, caka ndi caka, m'nyengo ya cirimwe tizirombo tisanacuruke. Ku South Africa nthawi yace ndi kuyambira June kufikira October. Khola limangidwe pamtunda, kutali ndi dambo, ndi nyama zilowe dzuwa lisanalowe, zituruke mame atauma. Ukonde wa udzudzu uli ndi maso akuru, kaciromboka kapyola; pafunika ukonde wa maso ang'ono wonyikidwa m'mankhwala. Ndipo ngati m'dera lanu muli munda waukuru kapena sukulu yosunga akavalo, musagoneke aburu anu pafupi ndi khola lao m'dzinja. Mlandu wa kavalo mmodzi ungathe ng'ombe zanu zingapo.

Munthu, ng'ombe ndi mbuzi satenga nthendayi. Koma galu akadya nyama ya kavalo wakufa nayo adwala, ndipo ambiri afa. Inu mafumu, kavalo, nyuru kapena buru akafa mwadzidzidzi m'mudzi mwanu ali ndi thobvu m'mphuno, tumizani mthenga kwa dokotala wa zoweta tsiku lomwelo, letsani aburu a m'mudzimo kupita kwina kufikira iye atafika, ndi mtembo ukwiriridwe m'dzenje lakuya losafukula agalu ndi afisi. Ngati m'mphuno ndi kumbuyo muturuka mwazi wakuda wosaundana, asausende kapena kuutumbula munthu ali yense, pakuti kapena ndi nthenda ya anthrax, imene ipha ndi anthu omwe.

ZIMENE TIZICITA NDI MANJA ATHU

Ndinanena kuti mwazi wonse udutsa m'mapapo. Cifukwa cace timitsempha tija tigwira nchito ngati sefa. Pali njoka yaing'ono ya m'mapapo imene aburu ambiri ali nayo. Ana ace amezedwa pamodzi ndi udzu, naboola matumbo, nayenda ndi timadzi toyera ndi mwazi kufikira akodwa mu sefayo. Pamenepo aboola nembanemba, nalowa m'njira za mpweya, nakulira momwemo. Buru sakhosomola nayo kwambiri, koma afesa mazira ndi ndowe zace; kavalo wakudya pa busa lomwelo akhosomola miyezi. Mankhwala a njoka alipo kwa alangizi a zoweta. Momwemonso singano yakuda yobaya mumtsempha, kapena cironda ca mafinya cosasamalidwa, zitumiza zoipa zao ku sefa yomweyo.

Ndinaona m'mudzi wina mwini buru alikumwetsa buru wace mankhwala a m'botolo kudzera m'mphuno, anzace atamkweza mutu ndi cingwe pa nthambi. Anati atero cifukwa pakamwa alabvula. Ndinafika mocedwa, botolo litatha. Tsiku lacitatu buruyo anafa, mpweya wace ukununkha. Mphuno ya buru ndi khomo la mapapo. Mankhwala apite pakamwa, pang'ono pang'ono, mutu uli pa muyeso wace, ndipo akatsokomola lekani.

Za goli ndinena mosabisa. Goli linapangidwira ng'ombe, imene iri ndi linunda ndi khosi lalifupi lolimba. Buru alibe linunda, ndipo akoka ndi cifuwa. Mukammanga goli la ng'ombe, mtengo umdula pamwamba pa khosi, ndi cingwe ca pansi cifinya kholingo pamodzi ndi mitsempha iwiri yaikuru yakutsitsa mwazi wa kumutu. Pokwera citunda, pamene afunitsa mpweya, mpamene cithinitsa. Lamba wotambalala wopingasa pacifuwa, woyalidwa nsaru yofewa, sadya ndalama zambiri. Ndiponso mukagwetsa buru kuti mumcite kanthu, fulumirani. Akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, kulemera kwa matumbo kupsinja phapo la pansi, ndipo mwazi udutsamo osapeza mpweya.

KUWERENGA

Mwini buru ali yense aphunzire kuwerenga nyama yace pamene iri bwino, kuti tsiku la nthenda adzadziwe kusiyana. Citani m'mawa, asanagwire nchito. Imani pambali, yang'anani m'nthiti za kumbuyo. Kukwera ndi kutsika ndiko kupuma kumodzi. Kavalo wamkuru apuma ka 8 kufikira ka 16 pa mphindi, buru ka 12 kufikira ka 28. Pofuna kugunda kwa mtima, ikani zala ziwiri m'mphepete mwa pfupa la cibwano, kunsi kwace, kumene mudzamva kamtsempha ngati cingwe. Kavalo agunda ka 28 kufikira ka 44, buru ka 35 kufikira ka 50 kapena kuposapo pang'ono. Ana a nyamazi afulumirapo pa zonse ziwiri.

Pomariza kwezani mlomo wa pamwamba, nimuone nkhama. Zikhale zofiirira ndi zonyowa. Sindikizani ndi cala, padzayera. Mukacotsa cala, mtundu ubwerere pasanathe masekondi 2. Nkhama zotuwa zinena kuti mwazi wacepa, kawiri kawiri cifukwa ca njoka za m'mimba kapena kashembe. Zodera ngati nthudza zinena kuti mwazi ulikudutsa m'mapapo osalandira mpweya, ndipo nyama yotere siiyenera kudikira mawa. Buru abisa ululu koposa kavalo: sagubuduka kapena kulira, angoima cete, makutu ali pansi, nagwira udzu ndi milomo osameza. Mukampeza cotero, mmasuleni pangolo, muwerengeni, ndipo mawerengedwewo muwalembe pa pepala loti wamthenga apite nalo kwa dokotala wa zoweta.